MCERE WA M'NDIWO UNAGONJETSA CITHOKOMIRO

M'midzi yambiri ya dziko lino akuluakulu akali kukumbukira masiku amene cinali cinthu cozolowereka kukumana ndi mayi wa cotupa pakhosi panjira yopita kucitsime. Mayi wotere anali kumanga kansalu m'khosi kapena kuvala mikanda yambiri kuti abise cotupaco, ndipo pasiwa, pamaliro kapena pamsonkhano anali kukhala kumbuyo kwa anzake. Ena anali kunena kuti walodzedwa, ena kuti anamwa madzi a pacitsime coipa, ndipo ena anali kungoti ndi nthenda ya kumtundu. Mabanja anataya mbuzi ndi nkhuku kulipira oombeza, khosi la wodwala linadzaza mphini, koma cotupa sicinaphwe.

Nthenda imeneyi ndiyo cithokomiro. Lero cimene cimaibweretsa kawirikawiri ncodziwika bwino, ndipo coiletsa cili m'nyumba ya munthu aliyense, m'kambale ka mcere. Komatu nzeru imeneyi sinabwere tsiku limodzi. Madotolo a maiko osiyanasiyana anaifunafuna zaka zokwanira 160, kulakwa ndi kuyambanso, kufikira atatsimikiza kuti kacinthu kosaoneka ndi maso, kochedwa ayodini, ndiko kamene khosi la mayi ndi ubongo wa mwana wake wosabadwa zimafuna.

KACIWALO KONGA GULUGUFE

M'thupi la munthu muli tiziwalo tingapo timene nchito yake ndi kupanga timadzi tamphamvu ndi kutithira m'magazi. Timadzi timeneti, timene madotolo amati mahomoni, tili ngati amithenga a mfumu: timayenda thupi lonse kuuza ziwalo zina zoyenera kucita. Kaciwalo kamodzi kotere kakalephera, thupi lonse limasokonezeka. Matenda a shuga, mwacitsanzo, amabwera pamene kapamba aleka kupanga insulini yokwanira, kapena pamene thupi lileka kuimvera.

Cithokomiro naco ndi cimodzi mwa tiziwalo timeneti, ndipo munthu aliyense amabadwa naco. Cili kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, ndipo maonekedwe ake ali ngati gulugufe wotambasula mapiko. Kwa munthu wamkulu wathanzi cimalemera pafupifupi magalamu 20 cabe, ndipo sicioneka. Homoni imene cimapanga ili ngati munthu wosonkhezera moto pamafuwa. Ikakhala yokwanira, thupi limafunda bwino, mtima umagunda mwa muyeso wake, cakudya cimasanduka mphamvu, ndipo mwana amakula msinkhu ndi nzeru zomwe. Ikacepa, moto umazilala. Ikaculuka, mphika umapserera.

Kuti cipange homoni imeneyi, cithokomiro cimafuna ayodini, amene thupi silingathe kudzipangira lokha. Amalowa ndi cakudya ndi madzi. Pansi pa ubongo pali kaciwalo kena kakang'ono ngati njere ya nyemba, kamene kali ngati kapitao. Kakaona kuti homoni yacepa m'magazi, kamatumiza mau okalipira cithokomiro kuti cigwire nchito kolimba. Cithokomiro, posowa ayodini, cimayesetsa mwa kukula, caka ndi caka, kufikira cituluka pakhosi ngati dzungu. Motero cotupa si cilombo cimene calowa m'thupi ai, koma ndi ciwalo ca munthu mwini cimene cafufuma ndi njala.

Ayodini wambiri wa padziko ali m'nyanja zazikulu zamcere. Ku maiko a mapiri ndi a kutali ndi nyanja zimenezi, mvula ya zaka zikwi zambiri inakokolola ayodini wa m'nthaka, kotero kuti cimanga, ndiwo zamasamba, mkaka ndi madzi a kumeneko zili naye wocepa. Ndico cifukwa cake nthendayi inali yofala ku mapiri a Alps ku Ulaya, ku Himalaya, ku Andes, ndiponso pa zitunda za pakati pa Afirika, pamene pali dziko la Zambia.

UTSI WOFIIRIRA KU FRANCE

Anthu a ku China anadziwa kalekale kuti zomera za m'nyanja yamcere zimaphwetsa cotupa ca pakhosi, ngakhale sanadziwe cifukwa cake. Ciyambi ca yankho cinaoneka mu 1811, ndipo sicinaonekere m'cipatala. Mfalansa wina, Bernard Courtois, anali kupanga mankhwala a onga wa mfuti pogwiritsa nchito phulusa la zomera za m'nyanja. Tsiku lina atathira asidi paphulusalo panafuka utsi wofiirira ngati duwa la jakaranda, umene unauma nkusanduka timiyala tonyezimira. Ameneyo ndiye anali ayodini.

Mu 1820 dotolo wa mumzinda wa Geneva, Jean-François Coindet, anaganiza kuti mwina mphamvu ya zomera zija ili mwa ayodini ameneyu. Anayamba kumwetsa odwala ake madontho a mankhwalawo, ndipo zotupa za ambiri zinaphwa m'milungu yowerengeka. Mbiri inawanda, anthu nayamba kumwa mopanda muyeso, poganiza kuti kuculuka kwa mankhwala ndiko kucira msanga. Ena anayamba kunjenjemera, kuonda ndi kugunda mtima koopsa. Mantha anagwira mzinda, ndipo ayodini anachuka ngati poizoni kwa zaka zambiri.

Pambuyo pa 1850 Mfalansa wina, Adolphe Chatin, anayendera madera ambiri akupima madzi, nthaka ndi zomera, ndipo ananena poyera kuti kumene kuli cithokomiro cambiri ndiko kumene ayodini ali wocepa. Akatswiri anzake sanakhulupirire, pakuti anaona ngati ncosatheka kuti kanthu kocepa cotere kadwalitse cigawo conse.

Phunziro lina lowawa linacokera kwa dotolo wa opaleshoni wa ku Bern, Theodor Kocher, amene anali katswiri pocotsa zotupa za pakhosi. Mu 1883 iye anaitana odwala amene anawacita opaleshoni kale kuti aone mmene analili. Anapeza kuti aja amene anawacotsa cithokomiro conse anali atasanduka ofooka, otupa nkhope, ozizidwa ndi ocedwa kuganiza, ndipo ana anali ataleka kukula. Kocher sanabise colakwaco. Anacilengeza kwa madotolo anzake, ndipo anasintha macitidwe ake, nayamba kusiyako mbali ina ya ciwaloco. Mu 1909 analandira mphoto ya Nobel.

Mu 1891 George Murray wa ku Newcastle, ku England, anabaya mayi wa zaka 46, amene cithokomiro cake cinali citaleka kugwira nchito, madzi ofinyidwa m'cithokomiro ca nkhosa. Mayiyo anatsitsimuka, napitiriza kulandira mankhwalawo, ndipo anakhala ndi moyo kufikira zaka 74. Ndipo mu 1895 Eugen Baumann wa ku Germany anapeza kuti m'cithokomiro ndimo mmene thupi limasungira ayodini. Mbali zonse za mwambi zinali zitapezeka, koma panalibe amene anali atatsimikiza kuti ayodini angathe kuletsa nthendayi isanayambe.

ATSIKANA A SUKULU KU AKRON

Munthu amene anacita zimenezi ndi David Marine, dotolo wa ku America. Atafika mumzinda wa Cleveland mu 1905 anadabwa kuona kuti si anthu okha amene anali ndi zotupa pakhosi, koma ngakhale agalu a m'misewu. Kwa zaka zoposa khumi anapima agalu, nkhosa, ndi nsomba zowetedwa m'maiwe, ndipo ponseponse anapeza cinthu cimodzi: ziweto zikapatsidwa ayodini pang'ono, cithokomiro sicikula.

Koma cimene cacitika kwa nsomba sicikwanira kukhala umboni wa munthu. Marine anapempha kuti ayese mankhwalawo kwa ana a sukulu ku Cleveland, ndipo akuluakulu a maphunziro anakana, pokumbukira mbiri yakale yakuti ayodini ndi poizoni. Mzinda woyandikana nao wa Akron, m'cigawo ca Ohio, unavomera. Mu 1917 Marine ndi wothandiza wake O. P. Kimball anapima makosi a atsikana a sukulu pafupifupi 4,000, ndipo anapeza kuti 56 mwa 100 alionse anali kale ndi cithokomiro cokula.

Macitidwe ao ndiwo ayenera kuyang'anitsitsidwa, pakuti ndiwo mtima wa kafukufuku wa zacipatala. Atsikana amene makolo ao analola anali kumwa ayodini wosungunula m'madzi masiku khumi otsatizana a sukulu, kawiri pacaka. Amene makolo ao sanalole sanamwe kanthu, koma naonso anali kupimidwa nthawi zonse ndipo zotsatira zinali kulembedwa m'buku. Magulu awiriwo anali a mzinda umodzi, akumwa madzi amodzi ndi kudya zakudya zofanana. Kusiyana kwao kwakukulu kunali ayodini.

Zotsatira zinafalitsidwa mu 1920. Mwa atsikana 2,190 amene anamwa mankhwala, 5 okha ndiwo amene cithokomiro cao cinakula. Mwa atsikana 2,305 amene sanamwe, cinakula mwa 495. Kukanakhala kuti onse anamwa, otsutsa akanati nthendayo yangocepa yokha, kapena kuti nyengo yasintha. Gulu losamwa lija ndilo linatseka pakamwa pa otsutsa. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Marine anadekha zaka 15.

MANKHWALA ALOWA MUMCERE

Funso lotsatira linali lakuti ayodini angafike bwanji kwa munthu aliyense, ngakhale wa kumudzi wakutali amene saonana ndi dotolo. Ku Switzerland, kumene m'zigwa zina pafupifupi mwana wa sukulu aliyense anali ndi cotupa, madotolo atatu a kumidzi anapeza njira. Heinrich Hunziker ananena kuti thupi limafuna ayodini wocepetsetsa koma wa tsiku ndi tsiku, ndi kuti conyamulira cabwino ndi mcere, popeza wolemera ndi wosauka yemwe amaudya, ndipo palibe amene angaudye wambiri nthawi imodzi. Otto Bayard anasakaniza yekha mcere ndi ayodini m'miyeso yosiyanasiyana, napatsa mabanja a m'midzi ya kumapiri kuyambira mu 1918, ndipo anaona zotupa za ana zikuphwa popanda wodwala ndi mankhwalawo. Hans Eggenberger anayenda mudzi ndi mudzi m'cigawo ca Appenzell akucititsa misonkhano madzulo, kufikira anthu eni ake anasaina kalata yopempha boma lao kuti lilole mcere wotere. Unayamba kugulitsidwa mu 1922.

Ku America mcere wa ayodini unafika m'masitolo a cigawo ca Michigan pa 1 Meyi 1924. M'maiko onse awiri cithokomiro ca ana a sukulu cinatsika kwambiri. Ku Switzerland kunaonekanso cinthu cina cacikulu: ana obadwa ogontha, osalankhula ndi opinimbira msinkhu ndi nzeru, amene kale anali kupezeka m'midzi yambiri ya kumapiri, analeka kubadwa. Komabe akatswiri ena anati mwina cimeneci cacitika cifukwa ca misewu yatsopano, zakudya zabwino ndi citukuko. Panafunika umboni wina.

CIGWA CA JIMI

Umboniwo unacokera ku cilumba ca New Guinea, kumpoto kwa Australia, m'cigwa ca mtsinje wa Jimi. Anthu a kumeneko anali kupanga mcere wao kucokera ku akasupe a madzi amcere, nchito yolemetsa ya masiku ambiri. Pamene antchito a boma la atsamunda anayamba kufika m'cigwaco m'zaka za m'ma 1950, anabwera ndi mcere woyera wa m'matumba, umene anali kulipira nao onyamula katundu ndi ogulitsa zakudya. Anthu anasiya akasupe ao. Posapita zaka zambiri, ana ogontha, osalankhula, opunduka miyendo ndi ocepa nzeru anayamba kubadwa ambiri, cinthu cimene nkhalamba za m'cigwaco sizinacizolowere. Pambuyo pake madzi a akasupe aja atapimidwa anapezeka kuti anali ndi ayodini wambiri, pamene mcere wa m'matumba unalibe.

Ku mapiri amenewo kunalibe misewu kapena masitolo, kotero madotolo anagwiritsa nchito mafuta osakaniza ndi ayodini, amene jekeseni imodzi imakhalitsa m'thupi zaka zingapo. Mu 1966 anayamba kuyesa motere: polemba kalembera, banja loyamba linali kubayidwa mafuta a ayodini, banja laciwiri madzi amcere opanda mankhwala, lacitatu mafuta, lacinayi madzi, kufikira midzi yonse itatha. Dotolo Peter Pharoah, mogwirizana ndi Ian Buttfield ndi Basil Hetzel, anayenda pansi m'mapiri amenewo zaka zingapo akupima ana obadwa pambuyo pake. Popima mwana sanali kuyang'ana m'buku kuti aone cimene mayi wake anabayidwa, kuopa kuti maso ake angaone cimene mtima wake unali kufuna.

Zotsatira zinatuluka mu 1971. Mwa ana 534 a amayi amene anabayidwa madzi cabe, 26 anabadwa ndi kupunduka kuja. Mwa ana 498 a amayi amene anabayidwa mafuta a ayodini, anali 7 okha, ndipo 6 mwa iwo amayi ao anali kale ndi pakati pa tsiku la jekeseni. Apa panatuluka phunziro limene banja lililonse liyenera kulisunga: ubongo wa mwana umayamba kuumbika m'miyezi yoyamba ya mimba, nthawi zina mayi asanadziwe nkomwe kuti waima, ndipo m'miyezi imeneyo mwana amadalira homoni ya cithokomiro ca mayi wake. Ayodini wobwera mocedwa angaphwetse khosi la mayi, koma sangabweze cimene caonongeka mwa mwana. Mtsikana ayenera kukhala naye wokwanira asanatenge pakati.

Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti ana opunduka koonekera ali ngati nsonga ya culu cabe. M'dera losowa ayodini mimba zambiri zimapita padera, ana ena amabadwa akufa, ndipo ana ambiri ooneka athanzi amavutika kugwira maphunziro m'kalasi. Ziweto nazo zimabala ana ofooka, opanda ubweya ndi otupa makosi. Ndico cifukwa cake mu 1983 Hetzel anapempha kuti madotolo aleke kulankhula za cotupa cokha, koma azinena za matenda onse obwera ndi kusowa kwa ayodini.

CINANGWA PA CILUMBA CA IDJWI

Mbali ina ya nkhaniyi inapezeka kwa anansi a Zambia, m'dziko la Congo, limene pakati pa 1971 ndi 1997 linali kuchedwa Zaire. Pa nyanja ya Kivu pali cilumba ca Idjwi. M'zaka za m'ma 1960 madotolo a ku Belgium, pakati pao André Ermans, François Delange ndi Claude Thilly, anapeza codabwitsa. Kumpoto kwa cilumbaco anthu oposa theka anali ndi cithokomiro, pamene kum'mwera cakumadzulo anali owerengeka, cikhalireco ayodini anali wocepa mbali zonse ziwiri. Cinalipo cina cimene cinali kuonjezera moto.

Atafufuza zakudya anapeza kuti ndi cinangwa. Cinangwa, makamaka cowawa, cili ndi ululu umene thupi limausandutsa mankhwala ochedwa thiocyanate. Mankhwala amenewa amapikisana ndi ayodini pakhomo lolowera m'cithokomiro, kotero kuti ngakhale wocepa amene munthu wadya amalephera kulowa. Anthu a kumpoto kwa Idjwi anapezeka nao ambiri m'thupi. Madotolo omwewo anapezanso zofanana m'dera la Ubangi, kumpoto kwa Congo, kumene cinangwa cinali kungosendedwa ndi kuyanikidwa padzuwa osaviikidwa.

Kafukufuku ameneyu sananene kuti cinangwa cisiyidwe, pakuti ndi cakudya copulumutsa mabanja m'caka ca cilala. Ananena kuti cikonzedwe bwino. Mwambo wa amayi a ku Luapula ndi madera ena a dziko lino, wosenda cinangwa, kuciviika m'madzi masiku angapo kufikira cifewe, ndi kuciyanika mpaka ciume gwa, umacotsa ululu wambiri. Ngozi imabwera m'nthawi ya njala, pamene mayi amafupikitsa masiku oviika cifukwa ana akulira.

MCERE WA ZAMBIA

Mu 1990 atsogoleri a maiko anasonkhana ku New York pa msonkhano waukulu wa za ana, ndipo analonjeza kuthetsa matenda a kusowa kwa ayodini. Mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mcere wonse wodyedwa ndi anthu ndi ziweto uzithiridwa ayodini. Pa nthawi imeneyo mabanja osakwana 20 mwa 100 alionse padziko ndiwo anali kudya mcere wotere. Pofika mu 2020 anali pafupifupi 9 mwa 10 alionse.

M'dziko la Zambia lamulo limafuna kuti mcere wogulitsidwa kuti anthu adye ukhale ndi ayodini. Mcere wambiri umacokera kunja, makamaka ku Botswana ndi Namibia, ndipo wina wocepa umapangidwa ndi anthu a m'midzi ku madera onga Kaputa. Oyang'anira zaumoyo ali ndi timabotolo ta mankhwala opimira: dontho limodzi likagwera pa mcere wa ayodini, mcerewo umasanduka wobiriwira modera kapena wofiirira, koma wopanda ayodini umakhala woyera. Bungwe la National Food and Nutrition Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1967, ndilo limalangiza Boma pa nkhani za kadyedwe monga imeneyi.

Kupima nkofunika mbali zonse ziwiri, pakuti phunziro la Coindet silinathe nchito. Ku Zimbabwe, m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, mcere wa ayodini utafalikira, madotolo anaona kuti odwala cithokomiro cogwira nchito mopitirira anaculuka, makamaka acikulire amene anakhala ndi zotupa zaka zambiri. Mcere wina utapimidwa unapezeka ndi ayodini wopitirira muyeso. Zimenezi zinacititsa kuti miyeso yothirira ikonzedwenso ndi kuti kuyang'anira kulimbe.

Muyeso weniweni ndi wocepa modabwitsa. Munthu wamkulu amafuna mamaikologalamu 150 patsiku, ndipo mayi wapakati kapena woyamwitsa amafuna 250. Maikologalamu imodzi ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa miliyoni. Ayodini yense amene munthu amafuna m'moyo wake wonse angakwane m'supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, koma ayenera kubwera pang'onopang'ono, masiku onse.

ZOYENERA KUCITA PAKHOMO

Mbali yotsala ya nchitoyi ili m'manja mwa eni nyumba. Wogula mcere ayenera kusankha wa m'paketi yolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo akagula wopimidwa pamsika ali ndi ufulu wofunsa thumba limene wacokera. Safunsa anadya phula. Kunyumba mcere usungidwe m'botolo kapena m'citini cotseka, kutali ndi moto, dzuwa ndi cinyezi, pakuti zimenezi zimacepetsa ayodini. Mcere sayenera kutsukidwa, ndipo ndi bwino kuuthira ndiwo zili pafupi kupsa.

Izi sizitanthauza kuti banja lizidya mcere wambiri. Mcere wopitirira umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo alangizi a zaumoyo amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndiko kuti pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, kuwerengera zakudya zonse. Wocepa womwewo, ukakhala wa ayodini, ndi wokwanira. Ndiponso ayodini wofiira wopaka pazilonda si wakumwa ai. Ameneyo ndi poizoni akalowa m'mimba.

Mcere umaletsa nthenda, koma cotupa cacikulu cimene cakhala zaka zambiri sicingathe ndi mcere. Ndiponso si cotupa ciliconse cimene cimabwera ndi kusowa kwa ayodini. Munthu aliyense wotupa pakhosi ayenera kukaonedwa kucipatala, ndipo apite msanga ngati akuvutika kumeza kapena kupuma, ngati mau ake asasa, kapena ngati cotupaco ncolimba ndipo cikukula mofulumira, pakuti nthawi zina imakhala khansa, imene imacizika bwino ikapezeka msanga. Kutema mphini pakhosi nkoopsa, cifukwa pamenepo pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi.

Cithokomiro cingadwalenso popanda kutupa kwambiri. Cikamagwira nchito mopitirira, munthu amaonda ngakhale akudya bwino, mtima umagunda msanga, manja amanjenjemera, thukuta limaculuka, tulo timasowa, ndipo ena maso amatong'oka. Cikafooka, munthu amatopa, amazizidwa ngakhale m'mwezi wa Okutobala, khungu limauma, amadzimbidwa, amanenepa ndi kuiwalaiwala. Anthu otere kawirikawiri amanenedwa kuti ndi aulesi kapena kuti agwidwa ndi mizimu, pamene kupima magazi kungaonetse coona. Mankhwala alipo: mapiritsi a carbimazole amaweruza cithokomiro cothamanga, a levothyroxine amalowa m'malo mwa homoni yosowa, ndipo zotupa zazikulu zimacotsedwa ndi opaleshoni ku zipatala zazikulu monga University Teaching Hospital ku Lusaka. Wolandira mapiritsi sayenera kuleka yekha cifukwa wapeza bwino, pakuti ambiri a cithokomiro cofooka amamwa moyo wao wonse, monga mayi uja wa ku England.

Azamba, agogo ndi amayi ayeneranso kukhala maso pa khanda. Mwana amene amangogona, woyamwa mofooka, wosacita cimbudzi kawirikawiri, wa lilime lalikulu, kapena amene cikasu cake sicikutha patapita milungu iwiri, apite naye kukiliniki osayembekezera tsiku la sikelo. Ngati vuto ndi cithokomiro, mankhwala oyambidwa m'milungu yoyamba amapulumutsa nzeru zake, koma mwezi uliwonse wocedwa umacotsa cimene sicidzabweranso.

Ku maiko ena kumene boma ndi anthu anatayirira poona kuti zotupa zatha, kusowa kwa ayodini kunabweranso, pakuti nthaka imene inakokoloka siicira. Cimanga ca m'munda wa mdzukulu cidzakhala cosowa ayodini monga cinalili ca agogo ake. Motero nchito imene inayamba ndi atsikana a ku Akron ndi amayi a m'cigwa ca Jimi imapitirira pamsika wa pa boma ndi m'kagolosale ka m'mudzi, nthawi iliyonse pamene mayi atembenuza paketi ya mcere kuti awerenge zolembedwapo asanapereke ndalama.